Mwano wa Nangozo

Mkamwini wanga Lingilirani anandilakwira Lachitatu lapitali, ndipo anandilakwira pa malemu mkazi wanga.

Kuyambira pamene manda analetsedwa, akufa timawasunga m'makina akutali otchedwa mtambo, ndipo amalankhulira m'kawailesi ka pakhoma. Asanakhazikike kumeneko amayamba akhala koyeserera, kuti abale amve ngati alidi iwowo. Nangozo wanga atafika koyesererako anali yemwe uja. Ndikasiya khasu panja ankandikalipira. Lingilirani akabwera ataledzera ankamutchula nkhumba.

Ine makinawo sindiwakhulupirira ndipo sindiwagwira, choncho ntchito yomusamutsira kokhazikika ndinasiyira mkamwiniyo.

Lachinayi m'mawa wailesi inati, "Mwadzuka bwanji, bambo a kunyumba? Mupumeko lero."

Kapu ya tiyi inandipulumuka m'manja. Chikwatiranireni, Nangozo anali asanandiuzepo kuti ndipume.

"Mwamutani mkazi wanga?" ndinafunsa.

"Ndangowakonzako pang'ono koyeserera kuja, bambo," anatero Lingilirani akukanda m'mutu. "Ndachotsa mwano wokhawo. Ana amaopa."

"Mubwezereni mmene analili."

"Tikangosamutsa, koyeserera amasesako zonse. Akale aja kulibenso."

Mwana wanga Mwatitha, mkazi wake, anangoyang'ana m'lichero n'kumapetabe mpunga.

Madzulo ndinasiya dala khasu pamvula. Ndinalowa ndi matope mpaka pamphasa, chitseko osatseka, n'kukhala pansi pa wailesi kudikira kuti Nangozo anditukwane.

"Mwagwira ntchito lero," anatero. "Zikomo kwambiri."

Lingilirani akudyabe pakhomo panga, ndipo akabwera ataledzera wailesi imamufunsa ngati wayenda bwino.