Wotchi Imene Inabwera ndi Dzina la Upulofesa

Panali munthu wina, dokotala wa mitima ya ana pachipatala china cha yunivesite ku Ohio, amene dzulo lomweli watuluka pakhomo atanyamula katoni, dzina lake atalimasula pachitseko. Anzanga, werengani mpaka kumapeto, chifukwa kumeneko kuli nkhani yokoma moti ine ndikulephera kukhazikika!

Dzina lake ndi Garrett Lindqvist. Zaka zapitazo iye ndi mnzake Odalys Ferrer anali mafelo, madokotala omaliza kale sukulu koma akusulidwabe ukatswiri pansi pa akuluakulu. Garrett ankadana nalo dzinalo. Imvi zitayamba kale, ana awiri kunyumba, koma makolo a odwala ankamufunsabe kuti dokotala weniweniyo abwera nthawi yanji.

Tsiku lina mkulu wa dipatimenti, Dokotala Whitcombe, anawaitana onse awiri. Madokotala anali atachepa, odwala ali mbwee. Anati akhoza kuwapatsa udindo wa pulofesa wothandizira pompano, asanamalize n'komwe maphunziro, bola aziona odwala paokha masiku ena pa sabata. Odalys anapempha kuti akaganize kaye. Garrett anavomera khofi asanazizire.

Potuluka Garrett anakumana mukhonde ndi Dokotala Abelard, mayi wachikulire amene ankawaphunzitsa kafukufuku. Atamva, mayiwo anamugwira mkono.

"Mwana wanga, dzina limenelo silibwera lokha, limabwera ndi wotchi. Tsiku limene alikhoma pachitseko, wotchi yayamba. Zaka zisanu ndi ziwiri zikamatha amafuna kafukufuku wakowako ndi okuthandiza ndi ndalama akoako. Ukalephera sakubwezera m'mbuyo, amakutulutsa. Nanga iwe kafukufukuyo wamuyamba liti?"

Garrett anaseka, nati zaka zisanu ndi ziwiri ndi moyo wonse. Mumtima ankati mayiwa sakufuna kuti achinyamata awapeze. Sabata yomweyo anakapetetsa udindowo pachifuwa cha jasi lake loyera.

"Apulofesa, tsono khofi wa ife ana asukulu muzigula ndinu," ankamuseka Odalys.

"Nsanje, chemwali, nsanje. Ukamaliza ubwere, ndidzakuchitira umboni."

Zinayamba pang'onopang'ono. Odwala a masiku ena aja anasanduka a masiku onse. Garrett anapempha thandizo la ndalama limene amapatsa mafelo kuti apume kuwodi n'kumafufuza, koma anamuyankha kuti limenelo ndi la ophunzira, iye ndi pulofesa. Anakagogoda ku thandizo la mapulofesa, uko anamufunsa kuti zimene wafufuza kale zili kuti. Anasanduka mleme, kwa mbalame ayi, kwa mbewa ayi. Odalys, felo wamba, analandira thandizo lija. Atamaliza anavomera kutchedwa mlangizi chabe, dzina losayambitsa wotchi, n'kumafufuza mwakachetechete.

Dokotala Abelard sanamulankhulenso za nkhaniyo. Akamakumana mukhonde ankangogogoda ndi chala pamkono pawo, pamene pamakhala wotchi, n'kudutsa. Poyamba Garrett ankaseka. Kenaka anayamba kudzera masitepe akumbuyo.

Chaka chachisanu Dokotala Whitcombe anasamukira ku California, malonjezo ake onse apakamwa anapita nawo. Wolowa m'malo anangoti iye wapeza wotchi ikuyenda kale. Garrett anadandaula kukomiti kuti zaka ziwiri zoyambazo anali wophunzira, azichotse. Wapampando anamuyang'ana pachifuwa.

"Adokotala, jasi lanulo likunena zina."

Musaganize kuti anali waulesi, ayi. Ana ambiri akuthamanga lero chifukwa cha manja ake, koma wotchi siwerenga ana. Zaka zija zitakwana anamutulutsa. Tsono mayunivesite ena akamva kuti anali pulofesa n'kutulutsidwa sakufunsanso zambiri, ndipo kubwerera pa dzina laling'ono lija sikungatheke.

Ndiye nkhani yokoma ija, anzanga! Odalys uja ndi amayi anga! Mawa akukhoma dzina lawo la pulofesa wothandizira pachitseko chomwe chija, m'mabowo omwe aja, kafukufuku ali naye kale wodzaza manja. Dokotala Abelard abwera kwathu ndi mphatso m'kabokosi, wotchi yokongola yasiliva. Ine ndaikonda zedi, koma amayi sanaivale. Angoiika patebulo, akuiyang'ana, ndipo ikumveka mpaka kuno kuchipinda kwanga.

Phunziro: Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akakupatsa dzina lalikulu nthawi yako isanakwane, funsa kaye kuti likutseka zitseko ziti ndipo likuyambitsa wotchi yanji, komanso amene wakutsina khutu usamuyese wansanje. Tumizani kwa aliyense amene ali ndi m'bale wophunzira udokotala. Inu a kalasi yathu, mawa tikaweruka bwerani nonse kuchipatala mudzaone chitsekocho, amayi ati kukhala keke!