Dilesi Lofiira la mu Kaseti

"Akuti zingati?" anafunsa Mayi Pensulo, akuloza wailesi.

"Veinte pesos. Ndiye kuti twente, amayi," anayankha Estele. Boma linali litamusankha kukaphunzira zauphunzitsi ku Cuba, ndipo ankaloweza Chisipanishi chogulira zovala kuchokera pa kaseti. Pathebulo panali fomu yomuloleza kupita, yodikira chidindo cha chala cha amake, yofunika ku ofesi ku Bindura tsiku lomwelo.

"Nanga wogulayo wati chiyani?"

"Wati zikomo, ndikulungireni."

"Osanenerera? Aiwa! Sukulu yake imeneyi? Sindidinda ine, kumeneko akakuvula ndi nsapato zomwe. Muuze mkazi wogulitsayo kuti faifi."

"Amayi, iyi ndi kaseti. Siimva."

"Wasitolo wa ku Shamva uja nayenso sankamva, koma anatsitsa. Muuze!"

Estele anawerama pa wailesi. "Cinco," anatero. Mkazi wa mu kaseti anangopitiriza kutamanda dilesi lake lofiira.

Mayi Pensulo anamanga chitenje, nauyamba wa kukhomo pang'onopang'ono monga amachitira ponenerera pamsika, khutu lili m'mbuyo. Phazi litangoponda panja, kaseti inalowa phunziro la masokosi.

"Cinco pesos, señora."

"Ehe! Cinco yomwe ija! Waona, iwe wamasukulu?"

Estele anatsegula pakamwa kuti afotokoze. Anayang'ana fomu ija, natsekanso.

Amake ananyika chala mu inki, nadinda mwamphamvu.

"Ukangofika ukanditengere dilesi langalo. Koma usakamupatse faifi yonse, wandiyendetsa mpaka pakhomo."