Loko wa Delbert

"Tsono loko ameneyu achotse ndani?" anafunsa Marlys, mwini shopu ya mipando ku Manitoba.

Lachisanu Delbert, mmodzi wa amisiri ake, anakhoma ndi loko swichi ya macheka amagetsi kuti wina asawayatse iye akusintha mpeni wa machekawo. Lamlungu anagwa kutchalitchi, osadzukanso. Pashopupo loko ankachotsa mwini wake yekha.

"Tingodula, abwana, ntchito yaima," anatero Wendell, mmisiri mnzake. "Mkuluyo sabwera kudzatikalipira."

Akulankhula choncho, analowa Noreen, mkazi wa malemuyo, kiyi ali m'manja.

"Loweruka lonse ankangodandaula kuti mpeni sanaumangitse," anatero. "Ankaopa kuti uvulaza munthu."

Wendell anawerama. Marlys analandira kiyiyo, kenaka anamubwezera.

"Sungani, mayi, lokoyo akhale pomwepo. Mawa tikagula macheka ena."