Kakhadi Kotchipa Kamene Kanamaliza Ng'ombe za Warwick

Panali munthu wina woweta ng'ombe kumadzulo kwa Queensland, m'dziko la Australia, dzina lake Warwick Tebbutt. Amene amaifotokoza nkhaniyi akuti inachitikadi.

Famu yake inali yaikulu moti kukafika pachitsime chakumapeto, chimene ankachitcha Nambala Sikisi, unali ulendo wa maola awiri pagalimoto. Kale ankazungulira zitsime zonse pakapita masiku atatu alionse, kukaona ngati m'mathanki muli madzi. Kenako mlamu wake Glenys, mng'ono wa mkazi wake, katswiri wa makompyuta, anamuikira makina. Thanki lililonse linkatumiza uthenga ku kompyuta yakale ya m'shedi, yoyendera Linux, pulogalamu yaulere ija imene anthu amaikonza mothandizana. Kompyutayo inkaonetsa manambala pasikirini ya kukhitchini, ndipo Warwick ankadziwa za madzi a ng'ombe zake uku akumwa tiyi.

Mu Disembala mphezi inatentha khadi la netiweki la kompyutayo, kachipangizo kamene kamalandira ndi kutumiza uthenga. Warwick anaimbira Glenys.

"Alamu, gulani limene ndikulembereni," anatero Glenys. "Ndi madola 90. Limenelo ndimalidziwa, limamvana ndi Linux."

"Madola 90 pa kanthu kochepa ngati bisiketi? Ndakaona pa intaneti ka madola 11. Wogulitsa walemba yekha kuti kamagwira ndi Linux."

"Wogulitsayo ndi m'bale wanu? Otchipawo amasintha zam'kati, dzina n'kusiya lomwelo. Kamayamba bwinobwino, kakatenthedwa kamangogona, osakuuzani."

"Iwe ndiwe wamantha ngati mkulu wako."

"Chabwino. Koma musasiye kuzungulira zitsime mpaka ine nditabwera kudzakaona."

Warwick anagula ka madola 11. Atakalowetsa, manambala anabweranso pasikirini. Anajambula chithunzi n'kutumizira Glenys ndi mawu akuti, "Chenji ndamwera mowa." Sabata yoyamba anazunguliradi zitsime. Yachiwiri anatanganidwa ndi kukonza mpanda, ndipo sanapitekonso.

Januwale anafika ndi dzuwa loswa mtengo. M'shedi ya malata munkatentha ngati mu uvuni. Lachiwiri lina masana kakhadi kanasiya kugwira ntchito, koma kagetsi kake kanali koyakabe. Sikirini inangoima pa manambala omaliza. Pa Nambala Sikisi inkaonetsa 82, kutanthauza kuti thanki ndi lodzaza ndithu. Lachitatu pampu ya pachitsimecho inafa. Thanki linatumiza chenjezo kambirimbiri, koma panalibe wolandira.

Lamlungu m'mawa mkazi wa Warwick, Raelene, anaima kutsogolo kwa sikirini atanyamula ketulo.

"Warwick, pa Sikisi pamamwa ng'ombe zingati?"

"Mazana atatu."

"Nanga zikumwa chiyani? Nambala iyi sinasunthe chiyambire Lachiwiri."

Warwick anaika kapu pansi, natenga makiyi ndi mfuti. Anakwera galimoto ulendo wa ku Sikisi.

Anayamba kuona akhwangwala ndi ziwombankhanga asanafike n'komwe. Ng'ombe zinali zitaunjikana mozungulira chomwera chouma, zina pamwamba pa zinzake. Zambiri zinali zitafa kale. Zina zinali zikupumabe koma zosatha kudzuka, malilime ali panja. Anapita kwa imodzi imodzi n'kumaiwombera. Sanalire. Sanatukwane. Zipolopolo zitatha anabwerera kugalimoto, natenga zina, napitiriza.

Kenako anaimbira Raelene pawailesi ya m'galimoto.

"Bwera ndi lole ya madzi. Uwauzenso a Merv abweretse katapila wawo wokumbira uja." A Merv anali neba wawo wa famu yotsatira.

"Zafa zingati?"

"Sindikudziwa. Ingobwera."

Zinafa 147. Dzenje lozikwiriramo analikumba masiku awiri. A Merv anakana malipiro, ndipo pochoka anangomugwira Warwick paphewa.

Glenys anafika Lachitatu ali ndi khadi lija la madola 90. Analowa m'shedi, nachotsa kotchipako, naika latsopano. Ntchito yonse sinakwane mphindi khumi. Za foni ya mu Disembala ija sanatchule.

"Inenso ndinalakwitsa, alamu," anatero. "Ndikanakonza kuti sikirini izifiira uthenga ukasiya kubwera. Ndakonza tsopano."

"Eya."

"Mwadya lero?"

Warwick anayang'ana mkazi wake ngati kuti iye ndi amene akudziwa yankho.

Chaka chomwecho anagulitsa kwa a Merv chigawo chonse cha Nambala Sikisi, ngakhale kuti n'kumene kunali msipu wabwino kuposa kwina kulikonse. Anthu akamufunsa chifukwa chake, amangoyankha kuti, "Kukununkhabe." A Merv amati iwo samva fungo lililonse.

Phunziro: Chipangizo chikayaka tsiku loyamba sindiye kuti ndi chodalirika. Chotchipa chimatha kufa mwakachetechete, iwe uli phee kuganiza kuti zonse zili bwino. Wogulitsa wosamudziwa adzalemba chilichonse chimene ukufuna kumva, koma zikavuta sudzamupeza. Mverani amene amaidziwa ntchitoyo, ndipo pamene pali moyo, pitani mukaone ndi maso anu. Musaisunge nokha nkhaniyi. Atumizireni onse amene aika ziweto zawo, ntchito yawo kapena banja lawo m'manja mwa makina.