Liwu la m'nyimbo ya Celso

"Zimitsa chinthucho!" anakuwa a Yudita, akuika dengu la tomato pansi.

Mwana wawo Celso, mwini baraka, kasitolo ka pamsika wa Cassacatiza, anangowonjezera phokoso la nyimbo. Du, du, du, ng'oma yosasintha ngati chigayo. Madalaivala opita ku Zambia ankagwedeza mitu, dzuwa likuswa mtengo.

"Mama, iyi ndi tekino. Ndapanga ndekha pa komputadolo. Ku Tete ayamba kale kuivina m'madisikoteka."

"Nyimbo yanji yopanda woimba? Nyansi zokhazokha."

"Woimba alipo. Dikirani."

Ng'oma inadukiza. Panatuluka liwu la mzimayi, lodulidwadulidwa, likubwerezabwereza: "Iyee, iyee, iye-ye-ye!" Ng'oma itabwerera, madalaivala anakuwa mokondwa.

A Yudita anatchera khutu. Liwulo linali litawonda, koma analizindikira. Linali lawo. Anakumbukira tsiku loika maliro a amuna awo, a Armindo, iwo akudzigwetsa kumanda, Celso ataima pambali foni ili m'manja. Ankaganiza kuti akuyankha anthu opepesa maliro.

"Iwe, unandijambula ndikulira bambo ako?"

"Ndangolikonza pang'ono, mama. Ndalifulumizitsa kuti ligwirizane ndi ng'oma. Simukumva mmene lakomera?"

A Yudita analavulira pansi, pafupi ndi nsapato zoyera za Celso. Pomwepo Florência, mnzawo wogulitsa nthochi, anawakoka kapulana yomwe anamanga m'chiuno, uku akudula chiuno.

"Bwerani tivine, Dona Yudita, mwakhala pachisoni nthawi yaitali! Tamverani mayi akuimbayu. Ameneyu ndiye amadziwa kusangalala."