Bwanamkubwa Adikira Bayethe

Galimoto ya Bwanamkubwa itaima pa boma la Ntcheu, bwana DC anandikodola. Anasankha ine, Fanizo, amene mawu anga anagwedezapo migodi ya ku Joni ndi misika ya ku Halale. Malole awiri, sitolo yamalata ku Mlangeni, zonsezo ndi manja angawa!

"Akangotsika, ufuule Bayethe, anthu akutsatire," anatero. "Ukatero, mpando wa kukhonsolo ndi wako."

Mpandowo ndinkaufuna, sindibisa. Suti ndinali nditasoketsa kale.

Bwanamkubwa anatsika, nthenga zoyera zikugwedera pachipewa chake. Anabwera kudzatiuza za chitaganya, chophatikiza dziko lathu ndi maiko ena awiri. Maso a khamu lonse anali pa ine.

Amalume anga, a Cyprian, anayankhula chapansipansi osandiyang'ana. "Mphwanga, Bayethe ndi wa Inkosi yokha. Ukampatsa mlendoyu, kwathu uzikalonjera ndi chiyani?"

Ndinakoka mpweya mpaka mabatani a jekete anafuna kuthothoka. Kenaka ndinavula chipewa.

"Moni, bwana," ndinatero, ngati ndikulonjera munthu wodzagula mchere.

Bwana DC anatulutsa pensulo m'thumba, nakhwatcha dzina limodzi papepala lake.