Manja Osalala a Nosrat

Siavash ananyema buledi wake pakati, nayang'ana zidutswa ziwirizo, n'kubisa chachikulucho m'malaya. Chinali cha Nosrat. Alonda anali atamutenganso m'mawa, ndipo nthawi zonse ankamubweza masana akumukoka m'khwapa ngati thumba la mpunga.

"Iwe Ghorban, chifundo chakochi chidzakupha," anatero Mash Rajab, mkulu wa akaidi m'chipinda chawocho, uku akuswa nsabwe mumsoko wa buluku. "Wophika wanji woonda kuposa odya?"

Ghorban silinali dzina lake, ndipo kuphika sankatha ngakhale dzira. Anali woyendetsa helikopita ya asilikali a panyanja ya ku Bushehr. Tsiku lomwe anamugwetsa m'madambo a Faw, anavula zovala za ndege n'kuzikwirira m'matope, navala malaya a msilikali wakufa. Asilikali a Iraq atamugwira pamodzi ndi oyenda pansi, iye anati ndi wophika. Aliyense ankadziwa kuti oyendetsa ndege amawatengera kwina, kumene sikubwera uthenga.

Koma chisoti chake anachitola. Motero akuluakulu a msasa wa akaidi ankhondowo ankadziwa kuti m'gulu limeneli muli wa ndege, ndipo anamusaka poyang'ana manja. Siavash anali atakhula kale ake pakhoma la simenti mpaka anakhakhala ngati a wosenza njerwa. Nosrat, telala wa ku Dezful amene alonda anamubweretsa m'chipindamo pambuyo pa onse, anali ndi manja osalala ngati a mkwatibwi. Anatenga iyeyo.

Kuyambira pamenepo zinangokhala zomwezo. Ankabwerako mapazi atakulungidwa nsanza zamagazi, poti kumeneko amamenya kumapazi ndi chingwe cha magetsi. Nsanzazo sankalola kuti munthu amasule. "Musakhudze achimwene, mundipha." Ankati kumeneko samupatsa ngakhale madzi, ndipo gawo lake la chakudya cha m'chipinda linkamupita. Siavash ankamubereka popita kuchimbudzi, kumuchapira malaya, kumupukuta nkhope. Zonsezo sizinkachotsa kanthu pamtima. Iye akati adye, ankangoganiza chimodzi: munthu wa singano ndi ulusi akuphwanyidwa mapazi chifukwa cha iye, iye ali phee, akuyankha dzina la eni ake.

Nthawi yowothera dzuwa itakwana, onse anatuluka. Siavash anati m'mimba mwamuvuta, natsala. Posakhalitsa chitseko chinatseguka, ndipo alonda anamuponya Nosrat pabulangete n'kutsekanso.

Siavash anamutsamiritsa kukhoma, namupatsa buledi uja. Nosrat anangomugwira m'manja.

"Akuti mawa ndi lomaliza," anatero motsitsa mawu. "Ndikapanda kuvomera, muno sindibweranso." Anayesa kuseka. "Ine wa ndege. Ine amene njinga yomwe ndimagwa nayo."

Kenaka Nosrat anapitiriza.

"Mukadzatuluka mukafike ku Dezful. Mukawauze akunyumba agulitse makina osokera, asawasunge ngati chithunzi. Mtsikana wangayo asasiye sukulu, ngakhale amalume ake anene chiyani." Anapuma pang'ono. "Ndipo inuyo achimwene, mwandibereka ngati mwana. Ngati ndinakulemetsani kapena kukulakwirani, mundimasule. Nenani kuti halali, kuti palibe mangawa."

Ndi mmene zimakhalira munthu akaona kuti ulendo wake wafika: amapempha omuzungulira kuti amumasule, iwonso n'kupempha chimodzimodzi. Siavash anazichita ndi bambo ake kuchipatala, anazichita ndi amayi ake pachipata tsiku lopita kunkhondo. Koma sungalandire halali kwa munthu wokafa utamubisira chimene akukumasulira. Kumeneko ndi kuba, ndipo mawa kulibe womubwezera.

"Woyenera kupempha ndine," anatero Siavash, maso ali pansanza zija. "Amene akumufunayo ndine. Si ine Ghorban. Ndine Siavash Dashti, wa ku Bushehr. Chisoti chija n'changa."

Panja ankamveka Mash Rajab akukangana ndi wina za malo a padzuwa.

"Miyezi yonseyi?" anafunsa Nosrat.

"Yonseyi. Ndinachita mantha. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndikanena, mawa ndikanena."

"Mu ndegemo munali nokha?"

Siavash anazengereza.

"Nenani achimwene. Sindikufuna kupita ndili ndi munthu kukhosi. Ngati pali wina amene wakhala akundiona ndikukokedwa pabwalopo, ndimumasulire limodzi."

"Tinali awiri. Mnzangayo ali m'chipinda cha kumapeto, uyu amameta anthu tsitsi. Kumeneko amamutcha Yadollah." Misozi inali ikutsika, ndipo sanaipukute. "Mawa musapite ndinu. Ndikaimirira ndekha pa nthawi yowerenga anthu. Koma mnzangayo ali ndi ana atatu, zithere pakati pa ife awiri."

"Halali, achimwene," anatero Nosrat. "Zonse halali. Bwerani kuno."

Kwa nthawi yoyamba chigwidwire, Siavash anamva chifuwa chake chikupepuka. Anagwada, namukumbatira, namupsompsona tsaya lamanja, kenaka lamanzere monga mwa mwambo. Mpamene mpweya wa Nosrat unamuwomba kumphuno. Mkamwa mwa munthu wosadyayo munkatuluka fungo la nyama ya nkhosa yowotcha ndi anyezi.

Nosrat anaika buledi uja pabulangete, naimirira pamapazi ake onse awiri. Anayenda mpaka pachitseko osatsimphina ngakhale pang'ono, nagogoda, n'kuitana mlonda m'Chiarabu.